Kukabwereka Mchimwene Wanga Kundende

Chaka chilichonse Disembala akayandikira, pa wailesi pamabuka mkangano womwewo: kodi akaidi azitulutsidwa kuti akadye Khirisimasi kwawo kenako n'kubwerera, kapena ayi? Oimba foni amalankhula ngati ndende anaigonamo. Wina amati akatuluka adzatibera mbuzi, wina amati nawonso ndi anthu, woulutsa mawu n'kuthokoza onse awiri. Ine ndimangoizimitsa, chifukwa funso limeneli ndinalifunsapo ndi pakamwa panga, nditaima mu ofesi ya ndende, pambali panga pali amalume atakumbatira sutikesi yobwereka.

Kwathu ndi ku Nkope. Bambo anamwalira ndili mtsikana, ndipo mwa ana onse amene Amayi anabereka tinatsala awiri, ine ndi mchimwene wanga wamng'ono. Ine ndimayanika usipa n'kumagulitsa. Iye anali siginala pa chilimira, ukonde waukulu wa usipa. Siginala ndi uja amatsogola ndi bwato la nyali kukaitana nsomba kuti ukonde uzizungulire. Ntchito ankaidziwa, koma mtima wake unali wapachala kuyambira ali mwana. M'mawa wina kugombe anakangana ndi mnzake wokoka ukonde pa nkhani ya ukonde wong'ambika, uyu akuti wang'amba ndiwe, uyo akuti ndiwe, mpaka mchimwene wanga anatola nkhafi. Anamenya kamodzi kokha, monga ankakonda kunenera pambuyo pake, ngati kuti kamodzi n'kochepa. Mkono wamanja wa mnzakeyo unathyoka pachigongono, ndipo mpaka lero supindika. Khoti linamutumiza kundende ya ku boma.

Zonsezi zikuchitika, Amayi anali ku Nkhudzi kwa achibale, akupuma atangotuluka m'chipatala. Maso awo anali atachita ng'ala, ankangoona zithunzithunzi, ndipo magazi ankathamanga. Namwino anali atanena kuti tisamawadzidzimutse. Mawu amenewa amalume, mchimwene wa Amayi, mwini mbumba yathu, anawagwira ndi manja awiri.

"Mlongo wanga akamva kuti mwana wake ali kundende, tikumba manda sabata yomwe ino," anatero. "Timuuza kuti wapita ku Joni."

"Osatsanzika, amalume?"

"Opita ku Joni amatsanzika? Lole ikapezeka munthu amangokwera."

Pamenepo ananena zoona. Kwathu kuno mnyamata umamuona madzulo akusoka ukonde, mawa lake ukumva kuti wadutsa kale pa Mwanza. Ndinawauzabe kuti bodza limeneli ndi lalitali kuposa miyendo yathu, koma amalume akaganiza chinthu amakhala ngati anachilota. Anayenda khomo ndi khomo kupempha mudzi wonse kuti utithandize kunama. Mudzi unavomera mokondwa, chifukwa palibe chimene anthu amakonda ngati chinsinsi chodziwa aliyense. Khomo limodzi lokha ndi limene sanagogodepo, la munthu wothyoka mkono uja. Anati kumeneko kukali moto, tidikire uzime.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. A amalume anagonera n'kusasa, ndipo wowadya tsiku ndi tsiku ndinali ine. Iwo ankabwera Lamlungu kudzamwa tiyi, ine ndiye ndinkagona nyumba imodzi ndi Amayi. Ndikanyamula usipa ndi sopo kupita kundende, ndinkati ndikupita kumsika wa ku boma. Akafunsa chifukwa chimene mwana wawo saimbira foni, amalume ankati foni yake yabedwa. Foni imeneyo inabedwa kangapo chaka chimenecho, m'kamwa mwa amalume. Tsiku lina anandikakamiza kugula chitenje pamsika n'kunena kuti chachokera ku Joni. Amayi anachinunkhiza nthawi yaitali, n'kunena kuti nsalu za kumeneko zili ndi fungo lakelake. Ankachivala Lamlungu lililonse, ndipo amayi a kutchalitchi ankachiyamikira akundiyang'ana ine.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali pemphero la m'mawa. Amayi ankapemphera mokweza, monga amachitira anthu osaona, ndipo tsiku lililonse ankapempha Mulungu kuti apolisi a ku Joni asamugwire mwana wawo n'kumutsekera, poti analibe mapepala. Ine ndinkayankha kuti ameni, ndowa ili pamutu. Ndinkachita manyazi ndi Mulungu, ndinkakwiya ndi amalume, ndinkakwiyanso ndi mchimwene wanga, ndipo ukali wonsewo ndinkaumalizira pa usipa.

Zinayenda choncho mpaka Disembala. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse chimene Disembala amatanthauza kwa mayi amene mwana wake ali ku Joni. Ndi mwezi umene onse amabwera. Malole amafika atasenza matilesi, mafiriji, njinga, mipando ya pulasitiki, katundu womangidwa mpaka kumwamba ngati chulu. Anyamata amatsika atavala majekete achikopa dzuwa likuswa mtengo, ana akuwathamangira. Amayi anasamutsa mkeka wawo kuchoka kuseri kubwera pakhonde loyang'ana kumsewu. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro ankaimika mutu, ikadutsa ankauweramitsanso.

Kenako anayamba kuitana obwerawo mmodzimmodzi kuti awafunse. Apa m'pamene bodza la amalume linabereka ana. Woyamba anati anamuona ku Durban akutsuka magalimoto. Wachiwiri anati ali ku Cape Town, pafamu ya mphesa. Mwana wa aneba athu Achisilamu, amene sankafuna kunama atangochoka kumzikiti, anangoti, "Joni ndi yaikulu, amayi, anthu sakumana," n'kuthawa. Ameneyo ndinamudalitsa mumtima. Koma panabwera wina wolongolola, wa ndolo kukhutu, amene anaganiza kuti nkhalamba imafuna nkhani yokoma. Anati mchimwene wanga zikumuyendera kwambiri, wanenepa, ali ndi galimoto yofiira, wakwatira mkazi wa komweko, ndipo apongozi ake wawamangira nyumba ya malata.

Ndinali kuseri ndikutembenuza usipa, ndipo ndinathamanga, koma mawu anali atatuluka kale. Mnyamatayo anandiphinyira diso ngati wandithandiza.

Amayi sanalire. Dzuwa litapendeka, anati ndiwaitanire amalume. Atafika, analankhula pang'onopang'ono.

"Achimwene, ndinkayesa mwana akuvutika. Wovutika ndimamudikira. Koma munthu wa galimoto, womangira apongozi nyumba, amene sangabwereke foni n'kunena kuti Amayi mwadzuka bwanji, ameneyo watchona. Ndamupatsa mpaka Khirisimasi. Akapanda kufika, ndidzaitana akuluampingo ndi inuyo, ndidzanene pamaso panu kuti asadzaponde pamaliro anga."

Mawu otere kwathu si ongolankhula. Kholo likawanena pamaso pa mboni n'kufa lisanawabweze, abale amawasunga. Mwana amabwezedwa panjira, salowa m'nyumba ya siwa, safika kumanda, ndipo chilemba chimenecho amayenda nacho mpaka naye adzafe. Ndinawakokera amalume kuseri kwa thandala loyanikapo usipa n'kuwauza kuti masewera atha, tiwauze zoona lero lomwe.

"Ukufuna kupha mayi ako?"

"Inu mukufuna afe atatemberera mwana wosalakwa?"

"Wosalakwa uti?"

Wolakwa anali wolakwadi, kungoti mlandu wake unali wina. Amalume anakanda m'mutu, anayang'ana kunyanja, kenako nkhope yawo inawala. Nkhope ya amalume ikawala ine mtima umagunda.

"Tikamubwereke," anatero. "Tsiku limodzi lokha. Afike m'mawa wa Khirisimasi ngati wochokera ku Joni, adye ndi mayi ake, madzulo anene kuti bwana wake akumufuna, tikamubweze. Kupempha si kuba."

Ndikanatha kukana. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo njira ina ndinalibe. Tinanyamuka m'mawa mwake. Ndinawapeza amalume pasiteji atavala jekete lawo la kumaliro, atanyamula sutikesi ya matayala imene anabwereka kwa mnyamata wa ndolo uja. M'kati munali jekete lachikopa, magalasi akuda ndi chipewa chobisira mutu wometedwa. Kudzanja linalo anali ndi jumbo, momwe munali bulangete, mbale ya pulasitiki ndi mankhwala awo a nyamakazi. Nditafunsa za jumbolo, anati ndidzaona komweko.

Titatsika ku boma, tisanafike n'kundende komwe, tinadutsa gulu la akaidi ovala zoyera akutchetcha udzu m'mbali mwa msewu. Msilikali mmodzi yekha ndiye ankawayang'anira, atakhala pansi pa mtengo wa mango, mfuti ili pamwendo, maso ali pa foni. Anthu ankadutsa ndi njinga, amayi ankagulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo. Ndinasunga zimenezi mumtima kuti ndikazigwiritse ntchito.

Bwana wa kundende anali munthu wamtali, wolankhula mofatsa, ndipo anatipatsa mipando. Amalume anayamba ndi moni wautali, anafunsa za kunyumba, za mvula, za ana, kenako anafotokoza nkhani yonse osasiyapo kanthu, mpaka galimoto yofiira. Bwanayo anamvetsera atagwira chibwano.

"Ndamva, madala," anatero. "Koma kuno sitibwereketsa anthu. Pa Khirisimasi pamakhala chikhululukiro, mayina amachokera kumtunda, ndipo amenewo amatuluka osabwereranso. Mwana wanu sanafike pamenepo. Zoti munthu atuluke m'mawa n'kubwera madzulo, m'malamulo athu mulibe."

"Nanga aja akutchetcha pamsewu?" ndinafunsa. "Si atuluka m'mawa ndipo abwera madzulo?"

"Amenewo ali pantchito, mayi. Ali ndi msilikali."

"Tipatseni msilikaliyo. Mpunga ulipo, adzadya nafe. Udzu wa boma mumaubwereketsa munthu tsiku lonse, mayi womubereka ndiye ayi? Athawira kuti? Mbali ino nyanja, mbali iyo phiri, ndipo mudzi wonse umamudziwa ndi kayendedwe komwe."

Amalume anandiponda chala kuti ndikhale chete. Anaika jumbo lija patebulo, anavula chipewa, n'kuweramitsa mutu wawo wa imvi.

"Bwana, kwathu pa chilimira munthu akadwala kapena akakhala ndi maliro, amatumiza wina kukakhala pamalo pake m'boti. Mwini boti safunsa dzina. Amawerenga mitu, ikakwana injini ilire. Ndamva kuti nanunso kuno mumawerenga mitu m'mawa ndi madzulo. Mutu ndi uwu. Bulangete ndabweretsa langa, mbale yanga, sindivuta pa zakudya. Mwanayo akabwera madzulo, ine ndituluka."

Bwanayo anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kupukuta misozi, anaitana mnzake wa ofesi yoyandikana kuti adzamve, ndipo amalume anabwerezanso zonse mwaulemu womwewo. Ine ndinkafuna pansi patseguke. Koma nditayang'ana mutu wa imviwo, woweramitsidwa pamaso pa munthu wa msinkhu wa mwana wawo, ukali wanga unasokonezeka. Munthu amene anandilowetsa m'mavuto onsewa anali wokonzeka kugona pasimenti pa Khirisimasi, ndi nyamakazi yake.

Atamaliza kuseka, bwanayo anafunsa mofatsa. "Madala, amene anathyola mkono wa munthu ndinu?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mutu wanu sindingauwerenge. Nanga wothyoka mkonoyo amakhala kuti?"

"Mudzi womwewo," ndinayankha. "Kungodutsa mjigo."

"Mwamufunsa kuti akuganiza bwanji zoti adzamuone mnzakeyo pa Khirisimasi atavala jekete lachikopa?"

Sitinamufunse. Chaka chonse ndinkazungulira njira ya kutchalitchi kuti ndisadutse pakhomo pake, ndipo mkazi wake tikakumana pamjigo ndinkayang'ana ndowa. Funso limenelo linandilasa, ndipo ndinakwiya nalo chifukwa linali loona. Mpaka lero oimba foni pa wailesi akamati akaidi nawonso ndi anthu, ndimavomereza, koma ndimafuna wina afunseko za munthu amene amakhala kungodutsa mjigo.

Anatilola kumuona mchimwene wanga pawaya wa alendo. Anali atawonda, mutu uli mbee, m'manja muli mphere. Ndinamuuza zonse, za galimoto yofiira, za Khirisimasi, za maliro. Ndinati tsopano palibenso kuchitira mwina, ndikawauza Amayi.

"Musawauze, achemwali."

"Wamva zimene ndanena? Adzakukaniza kufika pamaliro awo."

Anagwira wayayo nthawi yaitali. "Bola azindiyesa mtchona kusiyana n'kuti adziwe kuti anabereka mkaidi."

Ndinatuluka mutu ukuwira. Amuna awiri, wina mkati wina kunja, onse atagwirizana za zimene mtima wa Amayi ungathe kusenza, mayi amene anaika mwamuna ndi ana m'manda n'kudzuka m'mawa mwake kukatunga madzi. Panalibe amene anaganiza zowafunsa eni ake.

M'minibasi pobwerera amalume, sutikesi ili pamiyendo, anafotokozera aliyense za ulendo wathu. Anauza kondakitala, anauza amayi a tomato, anauza ngakhale mnyamata amene anali ndi zomvera m'makutu. Nkhani inatsika nafe pa Nkope ndipo inatipitirira. Pofika mawa lake mudzi wonse unkadziwa kuti amalume alankhula ndi akuluakulu, ndipo mchimwene wanga akutuluka pa Khirisimasi.

Tsikulo linafika. Tinapita kutchalitchi, Amayi atavala chitenje cha ku Joni chija, ndikuwagwira dzanja. Titabwerera ndinapha nkhuku n'kuphika mpunga. Amayi anakhala pakhonde, nkhope ili kumsewu, mpaka dzuwa linafika pamutu. Galimoto zinadutsa, palibe inaima. Kenako anandituma kukaitana akuluampingo awiri ndi amalume. Anabwera, anakhala pamipando, ndipo onse ankayang'ana pansi chifukwa onse ankadziwa zoona zake. Ine ndinali nditatsimikiza kuti Amayi akangotsegula pakamwa ndiwadula mawu, zivute zitani.

Amayi anali atangoyamba kuti, "Ndakuitanani, abale anga," pamene tinamva mapazi. Anali mkazi wa wothyoka mkono uja, akukoka mwamuna wake padzanja lamanzere. Mwamunayo ankaoneka kuti sanafune kubwera. Mkaziyo sanapereke moni.

"Ndamva kuti mwakamutenga kundende kuti adzadye mpunga," anatero. "Adye bwino. Koma asanadye abwere adzaone mmene uyu amadyera. Dzanja lamanja silifika pakamwa, amadya ndi lamanzere ngati wosaleredwa, pagulu sadya nawo. Ukonde sakoka. Ine ndiye ndasanduka mwamuna pakhomo. Inu chaka chonse kuzungulira njira, lero mukakamutulutse?"

Amalume anadzuka akutsokomola. "Mayi, tiyeni tikakambirane kuseri."

"Musiyeni, achimwene," anatero Amayi. "Mwana wanga, wati kundende kuli ndani?"

Mkaziyo anatiyang'ana tonse, ndipo m'pamene anazindikira kuti nkhalambayo sinkadziwa kanthu. Anazengereza pang'ono, koma anali atafika kale pakati pa mtsinje. Ananena zonse, ukonde, nkhafi, khoti. Ine ndinagwada kumbuyo kwa Amayi nditawagwira mapewa, kudikira kuti agwe monga anatilonjezera amalume.

Sanagwe. Anatambasula manja n'kunena kuti mwamunayo asendere. Anagwira mkonowo kuyambira paphewa, anatsika pang'onopang'ono, anaima pachigongono pomwe fupa linalumikizana mokhota, n'kufika mpaka kuzala.

"Wachita izi ndi mwana wanga?"

"Eya, amayi."

"Ndipo wa nyumba ino palibe anabwera kudzapepesa?"

Amayi anatembenukira komwe kunali kutsokomola. "Achimwene, ndinaika mwamuna, ndinaika ana. Munaona nditafa? Mwandisandutsa chidole cha mudzi wonse, ndikuvala nsalu ya pamsika n'kumanunkhiza. Mwandisiya ndikupempherera apolisi a ku Joni, munthu wovulala ali kuseri kwa mjigo osamuona." Kenako anauza akuluampingo kuti mawu amene anawaitanira awameza, angodya mpunga azipita. Kwa mkazi uja anati mawa m'mawa adzafika okha pakhomo pake, ndi miyendo yawo.

Anthu atabalalika, anandifunsa funso limodzi lokha. "Ndende yake ndi iti?"

"Ya ku boma, Amayi."

"Ya minibasi imodzi?"

"Eya."

Anapukusa mutu. Mpunga wa tsiku limenelo anaudya wonse, koyamba mwezi umenewo.

M'mawa mwake tinayamba kwa wovulala uja. Amayi anakana mpando, anakhala pansi pakhomo pake n'kupepesa monga amapepesera munthu wamkulu, osachepetsa mlandu. Mkaziyo sanamwetulire, koma anatiperekeza mpaka pamsewu. Kuchoka apo tinakwera minibasi. Amalume anatsatira, sutikesi atakaibweza.

Pawaya wa alendo panali anthu ambiri ndi mapoto a chakudya cha dzulo. Mchimwene wanga atatuluka n'kuona amene ndamugwira dzanja, anafuna kubwerera mkati. Ndinamuitana ndi mawu amene ndinkamuitanira ali mwana akathawa kusamba, ndipo anabwera. Amayi analowetsa zala m'mabowo a waya, anapeza chipumi chake, anakwera pamutu wometedwawo, anatsikira kumasaya olowa.

"Ndimayesa wanditaya," anatero. "Kani wangomangidwa."

Mchimwene wanga analira ngati kamwana, pamaso pa akaidi anzake. Amayi anamulekerera pang'ono, kenako anamukalipira mokwanira za nkhafi, za mkono, za mkazi amene wasanduka mwamuna pakhomo, n'kumuuza kuti akadzatuluka adzakokera banja limenelo ukonde mpaka iwo adzanene kuti basi. Nthawi itatha, msilikali akutiuza kuti tizipita, anagwiranso wayayo.

"Pamaliro anga udzabwere. Wamva? Udzandiponyere dothi ndi dzanja lako."

Nkhani ya ndende sinawaphe. Anapitanso kangapo kukamuona, ndipo ulendo uliwonse ankakangana ndi makondakitala za mpando wakutsogolo. Chinawatenga ndi chibayo, chimanga chitangomasula, mchimwene wanga akadali mkati. Anamwalira m'mawa, ndipo kutentha kwa kuno sikulola maliro kudikira. Ndinasiya amayi a kutchalitchi akuimba m'nyumba n'kuthamangira ku boma.

Bwana uja anandikumbukira. Anandipatsa mpando, anapepesa, ndipo ulendo uno sanaseke. Anati chilolezo chotere iye sangapereke yekha, chimachokera kumtunda, ndipo sichingafike lero kapena mawa. Sindinakangane naye, mphamvu zinali zitatha. Ndinangopempha kuti ndimuone mchimwene wanga ndimuuze ndekha.

"Lero ali kunja, mayi," anatero. "Ali ndi gulu lotchetcha."

Ndinamupeza pabwalo la ofesi ina m'mbali mwa msewu, chikwakwa chili m'manja, udzu ukufika m'mawondo. Msilikali anali pansi pa mtengo. Minibasi za kwathu zinkadutsa pomwepo, makondakitala akuitana okwera. Munthu anali panja, dzuwa likumuwomba ngati wina aliyense, atabwerekedwa tsiku lonse kuti udzu wa pa ofesi ufupike. Ukali umene ndinaumva pamenepo sunathe mpaka lero.

Atandiona ndi mpango kumutu, anadziwa. Anaika chikwakwa pansi. Ndinamuuza kuti tiika mawa, ndipo ndapempha koma zakanika. Anayang'ana msewu, anayang'ana msilikali, ndipo ndinaopa kuti mtima wapachala uja umubwerera. Koma anagwada pomwe anatchetchapo, anakumba ndi zala, n'kutapa dothi lodzaza dzanja.

"Achemwali, tambasulani chitenje."

Ndinamanga dothilo pakona ya chitenje changa. Msilikali anatiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali.

Mawa lake kumanda amalume anaimirira n'kuuza anthu kuti mwana wa malemu sanakanizidwe, mayi ake anamuitana, koma wagwidwa ndi zimene tonse tikuzidziwa, ndipo watumiza wina pamalo pake. Nthawi yoponya dothi itafika, ndinatapa mchenga wa kwathu n'kuponya wanga. Kenako ndinamasula mfundo ija. Dothi lake linali lakuda, losakanikirana ndi tiudzu totchetcha, ndipo linagwera pakati penipeni pa bokosi.